Zomwe ndaphunzira pa kulera kowerengera masiku

Sabata ino m'kalasi takhala tikuphunzira njira zolerera zowerengera masiku a msambo, ndipo mutuwu sukundichoka m'maganizo.

Dzira la mayi likatuluka limakhala ndi moyo pafupifupi tsiku limodzi, koma umuna umatha kudikirira m'thupi mwake mpaka masiku 5. Ndiye kuti masiku otengera pakati alipo ngati 6 pa mwezi. Chovuta n'kudziwa kuti agwa liti, chifukwa kalendala siliona dziralo, imangoyerekeza potengera miyezi yapitayo. Kafukufuku wa Allen Wilcox ndi anzake wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti ndi amayi pafupifupi 30 okha pa 100 alionse amene masiku awo onse otengera pakati anagwa pakati pa tsiku la 10 ndi la 17 kuchokera pamene anayamba kusamba, pomwe mabuku ankati ndi pamene amagwa.

Njira ya mikanda, imene anaikonza a ku yunivesite ya Georgetown ku America, inandigwira mtima. Mikanda ilipo 32. Mayi akayamba kusamba amaika kalabala kakuda pa mkanda wofiira, n'kumakasuntha m'mawa uliwonse. Kakafika pa mikanda yoyera, tsiku la 8 mpaka la 19, banja limadziletsa kapena kugwiritsa ntchito kondomu. Ataiyesa ku Bolivia, Peru ndi Philippines, anapeza kuti mwa amayi 100 oitsatira ndendende, pafupifupi 5 amatenga pakati pa chaka. Koma m'mene anthu amachitiradi m'nyumba zawo, chiwerengerocho chimafika 12.

Kusiyana kumeneku ndi komwe kwandisautsa. Masiku oyerawo alipo 12 otsatizana, ndipo mayi sangawasunge yekha bambo asanavomere. Komanso njirayi ndi ya okhawo amene msambo wawo umabwera pa masiku 26 mpaka 32. Mayi amene wangobereka kumene, woyamwitsa, kapena amene wangosiya jakisoni, thupi lake limakhala lisanakhazikike, ndipo mikanda ingamusocheretse.

Sindikunyoza njirayi ayi. Ilibe mankhwala, siidya ndalama, ndipo kwa ena ndi yokhayo imene chikhulupiriro chawo chimalola. Koma ndikadzakhala pamaso pa mayi ku sikelo, ndidzamuuza ziwerengero zonse ziwiri, 5 ndi 12 yemwe, kenako ndidzamufunsa ngati abambo kunyumba angabwere kuti tidzakambirane tonse atatu.