Ana amakhala pati tikamakumbukira omwe anatsogola?

Kumaiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kuyambira Seputembala mpaka Novembala anthu amakhala atakolola, masamba akuyoyoka m'mitengo kuzizira kukuyamba, ndipo ndi nyengo yomweyi mitundu yambiri imakumbukira abale awo omwe anatisiya. Ndakhala ndikuwerenga zimenezi chifukwa pa teaching practice andipatsa Sitandade 5 ndiye ndikufuna ndiwakonzere phunziro la miyambo ya maiko ena, koma mmene ndimawerenga maso anga amangothamangira pa chinthu chimodzi basi, kuti kodi ana amagwira ntchito yanji pa miyambo imeneyi.

Ku Mexico ndi komwe ndakhalitsa. Mwambo wawo wa Día de Muertos umachitika pa 1 ndi pa 2 Novembala, tsiku loyambalo amakumbukira ana omwe anamwalira, lachiwirilo akuluakulu. M'nyumba amakonza tebulo lomwe amalitchula kuti ofrenda, amaikapo zithunzi za malemuwo, makandulo, madzi, mchere, buledi wapadera wotchedwa pan de muerto komanso chakudya chomwe munthuyo ankachikonda ali moyo, ndiye amatenga maluwa achikasu onunkhira kwambiri aja amati cempasúchil nkuwathothola, nkuwaza kuchokera pakhomo mpaka pa tebulopo kuti mzimu usasochere pobwera kudzacheza. Tangoganizani mwana akuthandiza kuthothola maluwawo, akunyamula chithunzi, sangalephere kufunsa kuti amayi awa ndi ndani, ndipo akafunsa amauzidwa dzina, amauzidwa kuti agogo akowa ankakonda khofi, ankaseka chonchi. Ku Janitzio, kachilumba ka pa nyanja ya Pátzcuaro m'chigawo cha Michoacán, mabanja amachezera usiku wonse kumanda ndi makandulo, ana ali pomwepo atafunda. M'chigawo chomwechi agulugufe a monarch amafika masiku omwewa kuchokera ku Canada ndi ku America, ulendo wautali zedi, ndipo anthu ena kumeneko amati ndi mizimu ya abale yabwera. Apapa ndikudziwa kuti ana anga akatchera khutu.

Ku Korea kuli Chuseok, pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yoyendera mwezi, mwezi uli wathunthu. Tsikulo lisanafike amapita kukamweta udzu pa manda a makolo, zomwe kwa ife sizachilendo, nkulambula kumanda komwe kuja, kenako banja lonse limakhala pansi kuumba timikate ta mpunga watsopano totchedwa songpyeon, ndipo ana amagwada limodzi ndi akuluakulu polemekeza makolo. Ku Cambodia Pchum Ben imatenga masiku 15, anthu akupititsa chakudya kwa amonke m'makachisi m'malo mwa abale awo akufa. Ku India pa Pitru Paksha, masiku okumbukira makolo omwe anamwalira, mpunga wina amaikira akhwangwala.

Mwambo wa Akatolika wopempherera akufa pa 2 Novembala unafala kuchokera ku nyumba ya amonke ya Cluny ku France, mkulu wawo Odilo ndi amene analamula kuti tsikuli azipempherera akufa onse, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Ku Poland mpaka lero manda amawala ndi makandulo usiku wa pa 1 Novembala, ndipo ku Sumpango ku Guatemala tsiku lomwelo amaimika makaiti akuluakulu a mapepala amitundumitundu.

Halloween ndiye yomwe ana ena m'tauni akuidziwa kale kudzera pa TV ndi pa foni, ndipo ambiri amati mizu yake ili ku Samhain, mwambo wakale wa ku Ireland wotsekera nyengo yokolola. Ine ndiitchula pang'ono chabe. Mmene ikuchitikira masiku ano ndi zophimba kumaso zoopsa ndi maswiti, mulibemo dzina la agogo a munthu aliyense, ndipo sindikufuna mwana atuluke m'kalasi akuganiza kuti akufa ndi zinthu zoopsezana nazo.

Kwathu kuno m'madera ambiri mwana saloledwa kupita kumanda, ndipo ine sindikunena kuti makolo analakwitsa ayi, manda ndi malo olemekezeka, kwa Achewa ndi komwenso kuli dambwe. Tili nazo njira zathu, kumanga chiliza, mwana kupatsidwa dzina la agogo, Akatolika kupempherera akufa mwezi wa Novembala, komanso Gule Wamkulu yemwe analowa pa mndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa wa bungwe la UNESCO mu 2008, chaka chimodzimodzi ndi mwambo wa ku Mexico uja. Chomwe chikundikhudza nchoti ana ambiri masiku ano ukawafunsa dzina la amayi a agogo awo amangoti zii, osati chifukwa chopusa koma palibe anakhala nawo pansi kuwauza.

Ndiye phunziro langa likhala lotere, ndiwaonetsa pa mapu pomwe pali Mexico, Korea ndi Poland, tijambula maluwa ndi agulugufe aja, kenako aliyense akafunse kunyumba dzina la kholo limodzi lomwe sanalione, linkakhala mudzi uti, linkagwira ntchito yanji, linkakonda ndiwo zanji. Tebulo la ofrenda sitikonza m'kalasi, mipingo ya makolo ndi yosiyana ndipo ena sangasangalale nazo, ife tikuphunzira za mwambo wa eni ake osati kuuchita. Ndipo ndikudziwa kuti m'kalasimo muli ana amasiye, ena maliro ake ndi a chaka chomwe chino, ameneyo sindimuimika kutsogolo kuti alankhule, akafuna kulemba alembe akafuna kungojambula ajambule, ndipo ndiyamba ndakambirana ndi aphunzitsi omwe akhala nawo chaka chonse kuti andiuze ofunika kuyenda nawo pang'onopang'ono ndi ati.