Momwe ndimayendetsera mayeso a pulogalamu pa terminal ndi pytest

Ndikalandira pulojekiti ya Python yomwe ili ndi mayeso olembedwa kale, sindithamangira kudina kabatani kobiriwira ka mu editor. Ndimatsegula terminal. Seva yomwe imayendetsa mayeso payokha, kaya ndi ya GitHub Actions kapena Jenkins, ilibe kabatani: imalemba lamulo, n'kuwerenga yankho. Mayeso akamayenda mu editor mokha, dziwani kuti pali zina zomwe editoryo ikukukonzerani mseri, ndipo zidzaululika tsiku lomwe khodi idzachoke pa kompyuta yanu.

Pano ndigwiritsa ntchito Ubuntu ndi pytest, chida choyendetsera mayeso a khodi ya Python. Chitsanzo chathu ndi kapulogalamu kowerengera ngongole za banki m'khonde. M'foda ya `banki` muli fayilo ya `ngongole.py`, komanso foda ya `tests` momwe muli `test_ngongole.py`.

Choyamba ndimalowa m'foda ya pulojekiti, ija ya pamwamba osati ya mayeso, n'kupanga venv. Iyi ndi foda yosungiramo Python ndi malaibulale a pulojekiti imeneyi yokha.

```
cd banki
python3 -m venv .venv
source .venv/bin/activate
pip install -r requirements.txt
pip install pytest
```

Lamulo lachiwirilo likakana n'kutchula `ensurepip`, ndiye kuti pakusowa phukusi lina; ndimalemba `sudo apt install python3-venv` n'kuyambiranso. Pa Windows venv imayatsidwa ndi `.venv\Scripts\activate`. Mukalumpha venv pa Ubuntu 24.04 kapena Debian 12, pip, chida choikira malaibulale, adzakubwezani ndi uthenga wakuti `externally-managed-environment`. Musaukankhe ndi `sudo` kapena `--break-system-packages`. Python ya makinawo imagwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu a Ubuntu mwini wake, ndipo kuisokoneza n'kuzipalira ntchito ina. Kwa ife omwe timawerengera bandulo, pali kanjira kopulumutsa: `pip download -r requirements.txt -d mawilo` imakopera zonse kamodzi, kenaka `pip install --no-index --find-links mawilo -r requirements.txt` imaziika popanda intaneti pa makina ena omwe ali ndi Python yofanana.

Ndisanapitirire ndimafunsa `which pytest`. Yankho liyenera kuloza m'kati mwa `.venv/bin`. Likaloza ku `/usr/bin`, ndiye kuti ndikuitana pytest wina yemwe saona malaibulale omwe ndangoika kumene.

Ngakhale zatheka chonchi sindiyendetsa mayeso msanga. Ndimayamba ndawawerenga:

```
pytest --collect-only -q
```

Lamuloli silimayesa kanthu, limangondandalika mayeso omwe pytest wawapeza. Iye amafufuza mafayilo omwe dzina lake limayamba ndi `test_` kapena kutha ndi `_test.py`, ndipo m'katimo amatola ma function oyamba ndi `test`, komanso ma class oyamba ndi `Test` omwe alibe `__init__`. Mukatcha fayilo kuti `mayeso_ngongole.py`, kapena function kuti `yesa_chiwongola`, pytest amangodutsa osanena kanthu. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsika. Mwalemba mayeso 30, pytest watola 18, onse 18 akhoza, skirini yabiriwira, inu mwagona mtima uli m'malo pomwe 12 sanakhudzidwe n'komwe. Nambala ya `collected` ndimaiwerenga nthawi iliyonse, ndipo ikatsika popanda amene wafufuta mayeso ndimaima kaye.

Vuto lomwe limakonda kutuluka pano ndi ili:

```
ModuleNotFoundError: No module named 'ngongole'
```

Fayilo ilipo, mukuiona ndi maso, koma Python akuti kulibe. Chomwe chikuchitika n'chakuti foda ya `tests` ikakhala yopanda `__init__.py`, pytest amaika foda imeneyo pa mndandanda wa malo omwe Python amafufuzamo, wotchedwa `sys.path`, koma foda ya pamwamba momwe muli `ngongole.py` saiikapo. Njira yachidule ndi kulemba `python -m pytest` m'malo mwa `pytest`, chifukwa polemba motero Python amawonjezera foda yomwe mwaimamo pa mndandandawo. N'chifukwa chake malamulo awiri ooneka ngati amodzimodzi amapereka zotsatira zosiyana. Njira yokhalitsa, yomwe ilipo kuyambira pa pytest 7.0, ndi kulemba izi mu `pyproject.toml`:

```
[tool.pytest.ini_options]
pythonpath = ["."]
testpaths = ["tests"]
```

Ndimakonda imeneyi chifukwa mnzanu wotenga pulojekitiyo mawa safunika kuuzidwa chinsinsi chilichonse. Ngati khodi ili m'foda ya `src`, lembani `"src"` pomwe pali dontho, kapena ikani pulojekitiyo ndi `pip install -e .` ngati inakonzedwa monga phukusi. M'bale wake wa vutoli ndi uthenga wa `import file mismatch`, womwe umabwera mafayilo awiri a dzina limodzi, monga `test_lipoti.py`, akakhala m'mafoda awiri opanda `__init__.py`. Sinthani dzina la imodzi kapena ikani `__init__.py`, ndipo fufutani mafoda a `__pycache__` otsalira.

Tsopano ndimayendetsa `pytest` wopanda china. Test iliyonse imasiya chizindikiro chimodzi. Dontho ndiko kuti yakhoza, `F` yalephera, `s` yalumphidwa, `x` yalephera monga momwe wolemba anayembekezera. Chosokoneza ndi `E`. Imeneyi sikutanthauza kuti khodi yanu yapereka yankho lolakwika, koma kuti zokonzekera mayeso, zomwe amati fixture, zagwa, kaya test isanayambe kapena potsuka pambuyo pake: database siyikuyankha, fayilo yachitsanzo kulibe. Mukaona `E` makumi awiri motsatizana, musawerenge onse. Kawirikawiri ndi fixture imodzi yomwe yagwetsa gulu lonselo.

Zolephera zikachuluka ndimalemba `pytest -x --tb=short`. `-x` imaimitsa zonse pa kulephera koyamba, ndipo `--tb=short` imadula malongosoledwe kuti akwane pa skirini. Powerenga ndimayang'ana mizere yoyamba ndi `E` kumanzere, ndi mzere womwe test inagwera, umene umakhala ndi `>` mukapanda kuika `--tb=short`. Mwachitsanzo:

```
>       assert kubweza(100, 10) == 110
E       assert 110.00000000000001 == 110
```

Munthu wabwereka K100 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti, ayenera kubweza K110, koma Python akuchulukitsa 100 ndi 1.1 n'kupeza 110.00000000000001. Masamu si olakwika. Kompyuta imasunga nambala za dontho m'njira ya binary, ndipo 1.1 siyikwana ndendende m'njira imeneyo. Pali mankhwala awiri. Mu test mutha kulemba `pytest.approx(110)` kuti kakusiyana kakang'onoko kakhululukidwe. Koma pa nkhani ya ndalama, ine sindikhululuka. Test yalephera chifukwa yapeza chenicheni, ndipo choyenera kukonzedwa ndi `ngongole.py`: agwiritse ntchito `Decimal`, kapena awerengere m'matambala ngati nambala zathunthu. `approx` ndi wa zinthu zoyeza monga kutentha kapena mtunda, osati za m'buku la msungichuma.

Pokonza sindibwereza mayeso onse. Ndimaitana imodzi yokha ndi dzina lake lonse:

```
pytest tests/test_ngongole.py::test_kubweza -l
```

`-l` imaonetsa zomwe zinali m'ma variable pa nthawi yomwe test inagwa, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimakwanira. Ngati munaika `print` m'khodi koma simukuona kanthu, n'chifukwa chakuti pytest amameza zolembedwa zonse n'kuzitulutsa pokhapokha test ikalephera. `-s` imamuletsa kumeza. Zikavutitsitsa, `--pdb` imakutsegulirani debugger pomwe pagwera.

Mukafuna gulu, `-k` imasankha potengera dzina: `pytest -k "chiwongola and not mochedwa"`. Chenjerani nayo. Mukaphonya chilembo chimodzi, onse amachotsedwa pa mndandanda, ndipo pansi pamangolembedwa `deselected` popanda chofiira chilichonse. Ndikakonza, ndimalemba `pytest --lf`, yomwe imabwereza okhawo omwe analephera ulendo watha. Imakumbukira kudzera m'foda ya `.pytest_cache`. Akakhoza, ndimabwerera kwa onse, chifukwa kukonza kuno kumatha kuthyola uko. Pa ulendo womalizawu ndimawonjezera `-ra` kuti andiuze chifukwa cha `s` ndi `x` aliyense. Test yolumphidwa chifukwa laibulale ina kulibe imatha kukhala chaka ikulumphidwa popanda woizindikira.

Chomwe makina amawerenga si mitundu ya pa skirini ayi, koma nambala yomwe lamulo limasiya likamatuluka. Pytest akangotha ndimalemba `echo $?`, kapena `$LASTEXITCODE` mu PowerShell. 0 ndiye kuti palibe yemwe walephera. 1, ena alephera. 2, ntchito yadukira panjira, kaya mwadina Ctrl+C kapena fayilo ina yakana kutsegulidwa pa nthawi yotola mayeso, monga pa `ModuleNotFoundError` uja. 3 ndi vuto la m'kati mwa pytest kapena plugin, 4 mwalakwitsa kalembedwe ka lamulo, ndipo 5 ndiye kuti sanapeze test ngakhale imodzi yoyendetsa. Mukaona 127, pytest sanayambe n'komwe: shell siyinapeze lamulolo.

Nambala imeneyi imatayika mosavuta, ndipo pano ndi pomwe ndimasamala kwambiri. Tinene kuti mukufuna kusunga zotuluka m'fayilo, mwalemba `pytest | tee zotsatira.txt`. Mu bash, nambala ya mzere wonsewo ndi ya lamulo lomaliza, lomwe ndi `tee`. Iye ntchito yake yolemba fayilo waigwira bwino, ndiye amabweza 0 ngakhale mayeso onse atalephera. Seva imaona 0, n'kulola khodi yowonongeka kupita kwa anthu. Chimodzimodzi mu script yomwe mzere wake womaliza ndi `echo "zatha"`: nambala ya script yonse imakhala ya `echo`. Script yanga, yomwe ndimaitcha `yesani.sh`, imaoneka chonchi:

```
#!/usr/bin/env bash
set -euo pipefail
cd "$(dirname "$0")"
.venv/bin/python -m pytest -ra --junitxml=lipoti.xml | tee zotsatira.txt
```

`pipefail` imapangitsa kuti kulephera kwa pytest kusabisike kuseri kwa `tee`, ndipo `-e` imaimitsa script pomwepo. Mzere wa `cd` umalowetsa script m'foda yake, kaya mwaiitana muli kuti. Ndimalemba njira yonse ya `.venv/bin/python` m'malo moyatsa venv, chifukwa cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, akamayendetsa script usiku sawerenga `.bashrc` yanu ndipo `PATH` yake ndi yaifupi. Fayilo ya `lipoti.xml` ndi yomwe Jenkins ndi GitLab amatha kuwerenga n'kuonetsa test iliyonse payokha. Ndikamaliza kulemba script, ndimathyola dala test imodzi, n'kuiyendetsa, n'kuona ngati `echo $?` ikupereka 1. Script yomwe sindinaionepo ikulephera sindiikhulupirira.

Ikakana ndi `Permission denied`, lembani `chmod +x yesani.sh`. Ikadandaula za `bash\r` kapena `^M`, ndiye kuti inasungidwa pa Windows, komwe mzere uliwonse umatha ndi zilembo ziwiri zosaoneka m'malo mwa chimodzi; `dos2unix yesani.sh` imachotsa chowonjezeracho.

Atsala mayeso aja omwe amakhoza lero n'kulephera mawa popanda wosintha khodi. Woyamba kumuganizira ndi nthawi. Malawi ndi Zambia zili maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayenderapo, pomwe maseva ambiri oyendetsa mayeso amakhala pa UTC. Kuyambira 12 koloko usiku mpaka 2 koloko m'bandakucha, kuno tsiku lasintha koma ku seva likadali dzulo. Test yowerengera masiku omwe ngongole yachedwa pogwiritsa ntchito `date.today()` imatha kusiyana ndi tsiku limodzi m'maola amenewo. Ndimayerekeza seva polemba `TZ=UTC pytest`, koma kukonza kwenikweni ndi kupatsa function tsiku ngati argument, kuti test isadalire wotchi. Wachiwiri ndi kudalirana: test ina yasiya fayilo kapena mzere mu database, inzake n'kumadalira zotsalirazo. Mumaizindikira ikamakhoza m'gulu koma n'kulephera mukaiitana yokha, kapena mosinthanitsa. Plugin ya `pytest-randomly` imasakaniza ndondomeko ulendo uliwonse ndipo imalemba pamwamba nambala ya seed, yomwe imatsogolera kasakanizidweko; mukapeza ndondomeko yogwetsa, ibwerezeni polemba `pytest --randomly-seed=` kutsatiridwa ndi nambala ija. Mafayilo a kanthawi alembedwe m'foda yomwe fixture ya `tmp_path` imapereka, chifukwa test iliyonse imalandira yakeyake.

Mayeso akayamba kutenga mphindi zambiri, anthu amasiya kuwayendetsa. `pytest --durations=10` imatchula khumi ochedwetsa, ndipo kawirikawiri mumapeza awiri kapena atatu omwe akudikira intaneti kapena ali ndi `sleep`. Amenewo ndimawaika chizindikiro cha `@pytest.mark.ochedwa`, n'kuchilembetsa pansi pa `markers` mu `pyproject.toml`, kuti masana ndiziwasiya ndi `pytest -m "not ochedwa"`. Ndimawonjezeranso `--strict-markers` kuti chizindikiro cholembedwa molakwika chikanidwe poyera. `pytest-xdist` ndi `-n auto` imagawa mayeso pa ma core onse a kompyuta, koma ndimaiika pomaliza, kudalirana kuja kutatha. Mukaiika msanga, mayeso awiri amalimbirana fayilo imodzi nthawi imodzi, ndipo zolephera zake zimasinthasintha ulendo uliwonse.