Madzi a mumphika ndiwo ankandisokoneza

Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi manambala awiri. Buku likuti magalamu 100 a mpunga woyera ali ndi makalori pafupifupi 360, pepala la m'kalasi likuti 130. Ndinkangoloweza onse awiri poopa mayeso.

Loweruka ndinabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa ufa kwathu ku Area 25. Ndinayeza Kilombero magalamu 100, n'kuphika, n'kuyezanso. Unalemera pafupifupi katatu. Ndinakhala pansi m'khitchini momwemo mtima uli myaa. Nambala ya 360 ndi ya wosaphika, 130 ndi ya wophika. Madzi amawonjezera kulemera koma sawonjezera mphamvu, sitachi ndi yomweyija, yangofufuma.

Pamenepo glycemic load, muyeso wa mmene chakudya chimakwezera shuga m'magazi potengeranso kuchuluka kwa chomwe mwadya, inandilowa yokha. Tonse tikudziwa kuti GI (glycemic index, nambala yosonyeza liwiro limene chakudya chimakwezera shuga m'magazi) ya mpunga woyera imakhala cha m'ma 70, koma nambala imeneyo sinena kuti mwapakula wochuluka bwanji. Wophika magalamu 100 uli ndi makabohaidireti pafupifupi magalamu 28, mapuloteni osafika 3, faiba yosakwana galamu imodzi. Tsono taganizani mbale ya pa ukwati, youndidwa ngati chulu. Ikafika magalamu 300, ndiye kuti magalamu 84 a makabohaidireti alowa nthawi imodzi, ndipo palibe gaga wochedwetsa shuga kulowa m'magazi. Anatsala kuchigayo pamodzi ndi vitamini B1 yambiri, monga zimakhalira ndi ufa woyera tikauyerekeza ndi mgaiwa. Nkhuku zija za dokotala Eijkman, amene ankachita kafukufuku pa chilumba cha Java ku Indonesia, zomwe zinkafooka miyendo zikamadya mpunga wopuntha chifukwa chosowa vitamini B1 imeneyi, tsopano ndazimvetsa.

Chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anadutsa mutu wonsewu mu ola limodzi, akuyang'ana wotchi, osatchula n'komwe mawu akuti "wosaphika". Ndimamvetsa kuti silabasi ndi yaitali. Komabe anzanga, pezani sikelo. Kwa ine yaposa notsi zonse za temu ino, ndipo ndikufuna kuyeza nsima, mbatata, chinangwa, chilichonse.

Azakhali a ku Kawale ali ndi shuga, ndipo Lamlungu anandifunsa kuti, "Mwanawe, ndisiyiretu mpunga?" Ndinati achepetse, achulutse nyemba ndi bonongwe, afunsenso kuchipatala. Koma iwo amapakula ndi chipande, alibe sikelo, ndipo mawu akuti "achepetse" sindinathe kuwasandutsa zipande. Chimodzi? Chimodzi ndi theka? Pamenepa mpomwe ndaima.