Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mafunso a apolisi ndi kope la ngongole

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti nkhani ija ndinaisiya panjira, makamaka a Nabanda, mawu anu aja anandilimbitsa mtima. Tinalekezera pomwe apolisi anafika m'bandakucha ku bala kuja komwe anatibweretsa potinamiza za ntchito n'kumatichititsa uhule, n'kutitenga ine, mnzanga Esinati ndi kamtsikana kena ka ku Phalombe.

Ine mumtima ndinkati basi tikukagona m'selo, poti mayi a bala aja tsiku ndi tsiku ankatiopseza kuti mukapita kupolisi akamanga inuyo ngati mahule. Koma anatilowetsa ku Victim Support Unit, ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, aliyense payekha, ndipo wondifunsa anali wapolisi wamkazi. Anakupeza ndani kumudzi? Anakulonjeza ntchito yanji? Thiransipoti yobwera ku Lilongwe analipira ndani? Ndalama za makasitomala ankalandira ndani? Foni ndi ID yako zinali ndi ndani? Mafunso omwewo kuwabwereza mawa lake, mkuja n'kuwabwerezanso, ine mpaka kulira kuganiza kuti akundiyesa wabodza, kumachita kunjenjemera pofotokoza za usiku woyamba uja chifukwa ankafuna ndinene chilichonse, chipinda chake, amene anatseka chitseko, zonse. Pambuyo pake ndi pomwe anandiuza kuti akufuna nkhani yanga igwirizane ndi umboni.

Ndipo umboniwo anaupezadi. Kope lija mayi aja ankalembamo ngongole zathu, thiransipoti, sopo, ndiwo, ngakhale makondomu, a CID analipeza pansi pa kauntala. Mu foni ya mayi aja munali mameseji ndi azakhali a Esinati okambirana mtengo wa mtsikana mmodzi, komanso ndalama zomwe ankatumizirana pa foni.

Tsopano iwe amene unalemba kuti "chitseko chinali chotsegula, bwanji osathawa", ndikuyankhe. Ndithawire kuti ndilibe ndi 500 kwacha yomwe, tauni sindiidziwa, akundiopseza kuti akauza bambo anga? Wapolisi uja anandiuza kuti pa lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, wonamizidwa sawerengedwa kuti anavomera, ndipo chilango chimafika zaka 14, wozembetsedwayo akakhala mwana zaka 21. Ka ku Phalombe kaja kanali kasanakwane 18.

Miyezi inadutsa tikudikira khoti. Tsiku litayandikira Esinati anakana kukaperekera umboni, achibale anamuuza kuti akamangitsa azakhali ake asadzapondenso kumudzi. Sindimuweruza ayi, ndipo musamunyoze. Za kukhotiko ndidzafotokoza mu gawo lotsatira.