Mutu 19 wamasuka, zitsime zija sindizikwiriranso

Anzanga olemba, mfundo imene inandigwiritsa njakata pa mutu 19 wa buku langa la nthano ija yamasuka usiku wathawu, ndipo ndati ndilembe pompano chimwemwe chisanazirale.

Amene mwakhala mukutsatira bukuli mukudziwa za zitsime zolankhula. Chimodzi chili m'bwalo la nyumba yachifumu, zina zili m'zigawo zonse za ufumu, ndipo munthu akaweramira pa chimodzi n'kulankhula, mawu amatumphuka m'zinzake nthawi yomweyo. Matsenga amenewa ndiwo anabala buku lonseli, ndimawakonda kwabasi. Koma pa mutu 19 Mfumu Yaikulu imamwalira usiku m'chipinda chake, ndipo nduna yosunga chidindo iyenera kubisa malirowo mpaka itathana ndi mwana wamkulu wa mfumu, amene ali kumalire a kumpoto ndi theka la asilikali. Nanga maliro ungawabise bwanji m'dziko limene mwanayo angangopita pachitsime n'kufunsa kuti bambo adzuka bwanji? Chiwembu chimene ndachimanga kuyambira mutu 4 chinkatha dzuwa lisanalowe.

Nkhani imene inandipatsa maganizo a chiwembuchi ndi ya Qin Shi Huang, mfumu yoyamba ya China yense, amene anafera pa ulendo ku Shaqiu m'chaka cha 210 BC. Zhao Gao, mdindo wa kunyumba yachifumu, ndi nduna yaikulu Li Si anabisa imfa yake, ngolo n'kumapitirira ngati mwini wake ali moyo, ndipo mtembo utayamba kununkha anayendetsa pafupi pake ngolo za nsomba zamchere kuti fungo lisokonezeke. Kenaka analemba kalata yabodza yolamula Fusu, mwana wamkulu amene anali kumalire a kumpoto, kuti adziphe. Mkulu wa asilikali Meng Tian anamulangiza kuti ayambe watsimikiza ngati lamulolo linachokeradi kwa bambo ake, koma Fusu anamvera kalata, ndipo mpando unapita kwa mng'ono wake Huhai. Zonsezi zinatheka chifukwa cha mtunda. Kutsimikiza kunkafuna mthenga, kavalo ndi masiku ambiri. Ku Szigetvár, m'dziko la Hungary, m'chaka cha 1566 zinalinso chimodzimodzi: Suleiman, mfumu ya ufumu wa Ottoman, atamwalira mumsasa wa nkhondo, nduna yake yaikulu Sokollu Mehmed Pasha anasunga chinsinsi kwa masabata angapo, malamulo akutulukabe m'dzina la wakufayo, mpaka mwana wake Selim atayandikira. Zitsime zanga zinali zitadya mtunda umenewu, ndiye chiwembu chinalibe popondera.

Ndinayesa kuziumitsa ndi chilala, koma wowerenga aliyense akanaona dzanja langa likukankha nkhani. Zoti nduna igule ansembe onse oyang'anira zitsime nazonso zinakanika, chifukwa pakamwa pakachuluka chinsinsi sichigona. Panafika poti ndimaganiza zozikwirira zitsimezo n'kulembanso buku lopanda matsenga, ndipo mtima unkandiwawa zedi.

Mutu umodzi susenza denga. Mnzanga amene amandiwerengera mitu ndisanapitirire anangofunsa kuti, "Kodi chitsimecho chimamvera aliyense?" Funso lokhalo basi.

Yankho lake n'lakuti ayi. Chitsime chimamvera magazi a banja lachifumu okha, ndipo mawu amayenda njira imodzi, kuchoka ku likulu kupita kuzigawo. Wofuna kuyankha akwere kavalo. Komanso m'bandakucha uliwonse mfumu imapereka moni wa ufumu pachitsime, kotero tsiku limene madzi angokhala zii, aliyense adziwa kuti mpando uli pululu. Apa ndiye nduna ija yapanikizika bwino. Kuti ibise maliro, chitsime chiyenera kulankhula mawa m'mawa, ndipo m'nyumba yonse wamagazi amene watsala ndi mmodzi, kamtsikana ka zaka 11 kobadwa kwa mkazi wamng'ono, kamene ndinakatchula kamodzi kokha pa mutu 7 kakuthamangitsa nkhunda. Madzi amafafaniza liwu la munthu, mwana ndi nkhalamba amamveka chimodzimodzi, ndiye kuzigawo palibe angazindikire.

Gawo limenelo ndalilemba osapumira. Kukadali kamdima, nduna yagwira lamba wa mtsikanayo kumbuyo kuti asagwere m'chitsime poti ndi wamfupi ndipo waima pa mwala. Pepala lili m'manja mwa mtsikanayo likunjenjemera, utsi wa lubani ukutuluka pansi pa chitseko cha chipinda cha bambo ake, ndipo iye akudziwa chifukwa chake lubaniyo wachuluka chonchi. Akuwerenga lamulo lolanda mchimwene wake asilikali ndi kumuitanira ku likulu yekha. Atamaliza, nduna isanamukoke, akuwonjezera chiganizo chimodzi chofunsa ngati kagalu kotsimphina kaja kanachira. Kagaluko iye ndi mchimwene wakeyo anakabisa m'khola la akavalo zaka zapitazo bambo awo osadziwa. Ansembe akumpoto akungoyang'anana, koma mchimweneyo wamva zonse: bambo kulibe, ndipo mlongo wake ali m'manja mwa anthu ena. Akabwera ndi nkhondo, mtsikanayo afa. Akamvera lamulo, afa ndi iyeyo. Ndipo alibe njira yomuuzira kuti wamva, kupatula kavalo.

Ndiye mtunda wabwerera m'buku, ndipo tsopano ukuluma mbali imodzi yokha, zimene zandisangalatsa kuposa mmene ndinkafunira poyamba. Poyeza liwiro la amithenga ndagwiritsa ntchito msewu wachifumu wa Aperisiya wochoka ku Sardis kukafika ku Susa, wa makilomita pafupifupi 2,500. Herodotus, wolemba mbiri wachigiriki wamakedzana, anawerenga malo opumira 111 ndi masiku 90 kwa woyenda wamba, pamene amithenga osinthana akavalo ankaudutsa pa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Malire anga akumpoto ali pafupifupi theka la mtunda umenewo, choncho mthenga wachifumu afika msanga, koma wa mchimwene uja sangagwiritse ntchito makola a boma chifukwa ali m'manja mwa nduna. Ayenda ndi kavalo mmodzi, mozemba, masabata.

Zonsezi ndaziika mu spreadsheet. Kale inali ndi mizere ya tsiku ndi chochitika basi, tsopano ndawonjezera wa amene akudziwa, ndi wina wa amene akuganiza kuti mnzake sakudziwa. Mzere womalizawu ndiwo ukundipatsa mitu yatsopano. Amene mumakonda pulogalamu yondandalika zochitika ya Aeon Timeline ndikudziwa muti bwanji osangoika mmenemo, ndipo ndi yabwinodi pa mibadwo ndi zaka za anthu, koma pa nkhani ya chinsinsi ine ndimafuna ndione timabokosi tonse pamodzi. Zolemba zenizeni zili mu pulogalamu yolembera ya Scrivener monga kale, mapu mu yojambulira ya Wonderdraft, ngakhale kuti mtima wanga udakali pa mapu a pamanja. Aja a nkhani ya amalinyero imene ndinaisiyira panjira ija ndinawajambula ndi inki pa pepala lokhuthala la utoto wa madzi, ndipo mpaka lero ndikawatulutsa ndimamva ngati zilumbazo ndingathe kuzifika. Anthu a m'nkhani imeneyo mwina ndiwabweretse m'buku lachiwiri ngati amalonda a kum'mwera.

Ntchito yatsala ndi yobwerera m'mbuyo. Mutu 3 uyenera kuonetsa moni wa m'bandakucha kuti wowerenga auzolowere, mutu 12 uli ndi kazembe wa chigawo amene akulankhula pachitsime ndipo ameneyo achoke, komanso mtsikana uja akufunika malo ake kuyambira pachiyambi, kagalu kaja kaoneke ndithu. Palinso azakhali awo a anawa, mlongo wa mfumu amene anakwatiwa kutsidya kwa nyanja. Nawonso ndi amagazi, ndipo ndikuganiza kuti kwinakwake kuli chitsime chakale chimene likulu linachiiwala.

Mutu 20 ndiuyamba ndikangokonza zimenezi. Cholinga n'chakuti buku loyamba lithe chaka chisanathe, lachiwiri ndi lachitatu ndikhale nditawayala mitu yonse, ndimalizenso mndandanda wa mafumu wa mibadwo isanu ndi inayi pamodzi ndi chilankhulo cha ansembe a zitsime, chimene pakadali pano chili ndi mawu a moni okha.