Tsopano ndamvetsa chifukwa chake ambuya analira tsiku lija

Ndikulemba izi usiku magetsi angobwera kumene, ndipo mtima wanga wakhala pansi koyamba pa masabata awiri. Amene tili limodzi mu kosi ya kaunseling mukudziwa m'mene topiki ya hoarding disorder, matenda ounjika katundu nkumalephera kutaya, inandizunzira. Zoti DSM-5, buku la ku America la matenda a maganizo, mu 2013 inaipatsa dzina lakelake osatinso chizindikiro chabe cha OCD (matenda a maganizo okakamira ochititsa munthu kubwerezabwereza zinthu), zoti ICD-11, mndandanda wa matenda wa WHO, nayo inachita chimodzimodzi, izo sindibwereza, tonse tili nazo mu notsi. Chimene chinkandikanika ine ndi china.

Kaili kuno ku Chipata ndani sasunga zinthu? Chigubu cha saladi chikatha timatungira madzi, thumba la feteleza timaikamo chimanga kapena kulisoka kuti tiyanikirepo ufa, mabotolo apulasitiki amayi ogulitsa munkoyo ku Kapata amawafuna tsiku lililonse. Ndiye ndinkati ngati kusunga ndi matenda, basi komboni yonse ndi odwala, ndipo mumtima ndinali nditaganiza kale kuti izi ndi za azungu okhala ndi katundu wambiri.

Lachiwiri ndi pomwe zinatseguka. Ndinkawerenganso zomwe ofufuza za matendawa, Randy Frost ndi Tamara Hartl, analemba mu 1996, ndipo ndinaona kuti nthawi yonseyi ndimayang'ana pa kusunga pomwe vuto lili pa kutaya. Munthu wosamala zinthu chifukwa cha umphawi, chigubu chikabooka amachiponya kudzala osaganizanso. Koma uyu wodwalayu akachinyamula chigubu chobookacho mutu umayamba kuzungulira, bwanji ndikadzachifuna mawa, bwanji ngati ndi chija anandigulira malemu, kodi sikuwononga kumeneku, ndiye mtima umawawa zenizeni, ndipo kuti kuwawako kuthe amachibwezera pomwe chinali. Akachibwezera amapeza mpumulo. Mpumulo umenewo ndi umene umamuphunzitsa kuti mawa achitenso chomwecho. Ndiye mulu uja mukuuona pakona, chinthu chilichonse m'menemo chinanyamulidwapo tsiku lina ndi munthu amene anafuna kusankha nkulephera. Ndabwereza mfundo imeneyi mwina kakhumi ndipo ikundikhudzabe. Nchifukwa chake muyeso wake suwerenga kuchuluka kwa katundu chabe, umafunsa ngati bedi likugonedwabe, ngati khichini likuphikidwirabe, komanso ngati munthuyo akuvutika mukamuuza kuti taya.

Nditafika apo ndinasiya kuwerenga chifukwa ndinaona ambuya anga. Chipinda chawo chinali chodzaza mpaka pawindo, zitenje zakale, salaula yomwe sanavalepo, miphika yobooka, mawailesi akufa, makalendala a kutchalitchi, makadi a sikelo a ana amene lero ali ndi ana awonso. Iwo ankagona mopindika pa kadanga kakang'ono ka bedi. Amayi amati ambuya anali otere kuyambira kale, kungoti ambuya aamuna ali moyo ankatayako zina, ndipo izi zikugwirizana ndi zomwe taphunzira kuti zimayamba munthu ali ndi zaka 11 mpaka 15 nkumakula pang'onopang'ono mpaka ukalamba.

Kumayambiriro kwa 2024 kolera itavuta, masukulu atachedwa kutsegulidwa, amalume anati zakwana, makoswe ndi nsikidzi zitipha. Tinadikira ambuya apite ku maliro ku Katete, tinatulutsa zonse nkutentha kuseri kwa nyumba. Ine ndinanyamula nawo, ndinakolopa, ndinayala bedi bwinobwino poganiza kuti akondwera. Atabwera anaima pakhomo nkungofunsa kuti, “Mwana wanga, nawenso unalipo?” Ndinati, “Eya ambuya, timafuna muzigona bwino.” Anakhala pansi nkulira ngati maliro abwera nawo kunyumba. Miyezi itatu sanakambe ndi amayi. Chaka chisanathe chipinda chinadzazanso, ndipo manje pali loko, kiyi amamanga pa chitenje. Tinatentha katundu koma kuwawa kuja kwa kutaya sitinakukhudze nkomwe, tinangowonjezerapo mantha akuti abale ndi akuba.

Ndipo banja limavulala mbali zonse, izi ndaziona ndi maso. Alamu anga anasiya kubwera ndi mwana, azing'ono anga sankafuna anzawo a kusukulu alowe m'nyumba, amayi ndi amalume mpaka lero amalozana chala kuti anayambitsa ndani, ndipo aneba ena anayamba kunong'ona kuti mayi wokalamba wokhoma chipinda chotere akubisamo mankhwala. Mawu amenewo pa munthu wachikulire kuno mukudziwa kuopsa kwake.

Chondipweteka ndi chakuti zonsezi tikanazimva mkalasi. Aphunzitsi athu anathera theka la nthawi pa nkhani ya abale awiri a Collyer a ku Harlem ku New York, aja anapezeka atafa mu 1947 m'nyumba yomwe anatulutsamo katundu woposa matani 100. Nkhaniyo ndi yoona ndipo ndi yomvetsa chisoni, koma titafika pa za mabanja ndi thandizo anangoti mukawerenge nokha, masilaidi ndikutumizirani pa WhatsApp. Tiwerenge liti, masana tili ku ma attachment, usiku magetsi kulibe, mabandulo nawo akudula, mayeso atsala masabata atatu.

Chimene chandipulumutsa ndi ma voice note. Ndimatseka buku nkudzijambula ndikufotokoza topiki mu Chichewa ngati ndikuuza amayi, popanda liwu limodzi lachizungu, ndipo pomwe ndakakamira ndi pomwe sindinamvetse. Ndikunenetsa anzanga, siyani kukopera notsi, njira ndi imeneyi basi, ine sindikhulupirira kuti pali topiki imene ingakane. Ndi mu voice note momwe ndinadzimva ndekha ndikunena kuti “amaopa kutaya” m'malo mwa “amakonda kusunga”.

Komabe pali pomwe ndaima. Thandizo lomwe taphunzira ndi CBT yapang'onopang'ono, kaunseling yothandiza munthu kusintha maganizo ndi zochita zake, mwini wake azisankha yekha chinthu chimodzichimodzi, wina asagwire katundu wake popanda chilolezo. Zithunzi zija za Clutter Image Rating, zoyezera kudzaza kwa katundu, 9 pa chipinda chilichonse, zikuonetsa nyumba ya chipinda chochezera pachokha, khichini payokha, pomwe ife chipinda chimodzi ndi chogona, ndi nkhokwe, ndi sitolo. Ndipo mvula ikayamba, makoswe akabweranso, amalume sadzadikira chinthu chimodzichimodzi. Loweruka ndikufuna kupita kukakhala nawo ambuya, osanyamula tsache, mwina ndingowafunsa za wailesi imodzi ija kuti anaigula liti. Kaya anditsegulira loko, kaya ndiyambe ndi kupepesa, kapena kupepesako kungodzutsa zakale, apa sindikudziwa.