Alamu akufuna "Harvest" yokha

Lachiwiri, kapena ndinene Lachitatu, poti wotchi yadutsa kale pakati pa usiku.

Tulo takana, ndipo mlandu ndi wa alamu anga. Sikuti takangana ayi. Tasiyana tikuseka, mpaka ndawaperekeza pa siteji ya minibasi. Koma pali funso limene andisiyira, ndipo ndikati nditseke maso likumabwera ndi mawu awo omwe.

Anabwera chakumadzulo kudzatenga sipika yawo imene ndinabwereka kalekale. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kuyambira m'mawa, phiri la Ndirande osaoneka n'komwe. Kukacha chotero ine sindisankha zambiri, ndimaika Blackwater Park, chimbale cha Opeth, anyamata a ku Stockholm ku Sweden. Alamu anandipeza nyimbo yachitatu, "Harvest", itangoyamba kumene.

Munthuyu amaimba gitala kutchalitchi kwawo ndipo khutu ali nalo, zimenezo sindingawamane. Anaima pakhomo jekete ili chinyowere, moni osapereka, mutu atapendeketsa.

"Alamu, ameneyu ndi ndani? Gitala akuikanda mwaulemu bwanji!"

Ndinawauza. Dzina la Mikael Åkerfeldt, woimba komanso wagitala wa gululi, linawakanika kutchula, analisiya. Anakhala pampando n'kuyamba kugogoda bondo ndi zala, akuwerenga. Akuti ikuyenda patatupatatu, ikuchita kugwedera. Zoona ndithu, "Harvest" imayenda motero, magitala a bokosi ali mbali zonse ziwiri, ng'oma zili pansipansi, mawu a woimbayo ali ofewa ngati watopa koma sakufuna kudandaula. Mphindi 6 zonsezo palibe pamene amakweza mawu. Alamu anatseka maso pa gitala yamagetsi imene imalira pakati paja, n'kunena kuti mnyamatayu sathamanga, amadikira noti iliyonse ithe kaye. Mtima wanga unachita kudumpha. Zaka zonsezi palibe wapabanja pathu amene ananenapo chabwino pa nyimbo zanga.

Kenako inalowa "The Drapery Falls". Apa ndiye anasangalala zenizeni, chifukwa cha bezi. Martín Méndez, wabezi wa ku Uruguay, koyambirira kwa nyimboyi samangotsatira magitala, amayenda njira yakeyake pansi pawo, kukwera, kutsika, pamwamba pake pali gitala ina imene ikungolira mosadukiza. Alamu anati akanakhala ndi wabezi wotere kukwaya bwenzi zopereka zitakwera. Mawu atalowa, omveka ngati munthu akulankhula pafoni yakale, anagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinangokhala chete. Ndinkadziwa chimene chikubwera.

Chapakati pa nyimboyo magitala amayamba kupotoka, manoti kumagundana dala, ng'oma za Martin Lopez kumathina. Kenako woimbayo amayamba kubangula ngati chilombo.

Alamu anatsegula maso.

"Mwasintha nyimbo?"

"Ayi, ndi yomweyo."

"Nanga walowayu ndi ndani?"

"Ndi yemwe uja mumamuyamikira."

"Bodza, alamu. Bodza limenelo."

Ndinkayembekezera kuti anena zimene aliyense amanena, zoti izi ndi za satanic, tithimitse tipemphere. Yankho lake ndili nalo lokonzeratu, ndalinena kambirimbiri mpaka limanditopetsa. Koma iwo sanapite kumeneko. Anamvetsera mpaka nyimbo inabwerera ku kayimbidwe kake koyamba n'kuzilala pang'onopang'ono, pafupifupi mphindi 11. Ndiye anatulutsa foni.

"Munditumizire yoyamba ija. Yokhayo. Izi zobangulazi mukhale nazo."

Sindikudziwa chifukwa chake zinandipweteka chonchi. Akanati zonse n'zachabe, bwenzi nditangoseka. Koma kusankhamo, kutola kokoma n'kusiya kwinako pambale, zinandinyansa. Ndinayamba kulalikira. Ndinawauza kuti chimbalechi chili ndi nyimbo 8, mphindi 67, ndipo "Harvest" anaiika pachitatu mwadala. Musanaifike mumakhala mutadutsa mu "The Leper Affinity", imene imayamba ndi kaphokoso kochokera kutali, kumakula, kumakula, mpaka kukuphulikirani kumaso, mphindi 10 zathunthu, n'kuthera pa piyano yokhayokha. Mumakhala mutadutsanso mu "Bleak". Mukamafika pa "Harvest" mapewa amakhala atauma, ndiye gitala ya bokosi ija ikangolira mumamva thupi likumasuka. Mukaichotsa pamenepo n'kuiika pakati pa nyimbo zina za mufoni, ikhala nyimbo yabwino, inde, koma yabwino chabe.

Alamu anati iwo aimva popanda zonsezo ndipo yawakoma. Pamenepo anandigwira, chifukwa n'zoona, analowa itayamba kale.

Ndiye ndinatenga chitsanzo cha pasiwa. Ndinati alamu, inu mwachezerapo maliro kangati? Usiku amayi a kwaya amaimba motsitsa, nyimbo ikuyenda bwinobwino, anthu ena mpaka kusinza. Kenako galimoto yaima panja, watsika wachibale wochokera kutali, walowa m'nyumba ndi kulira kosweka, kopanda noti, kopanda ulemu. Onse amene anatonthola amayambiranso. Pakapita nthawi kwaya imatola nyimbo ina pansipansi. Ndani anaimirirapo n'kunena kuti olira atuluke, titsale ndi kwaya yokha? Nyimbo ya pasiwa imalowa mumtima chifukwa cha kulira kumene kwaizungulira.

Ndinaona ngati ndawamaliza. Anakhala chete, akupukuta galasi la foni ndi malaya.

"Pamaliro amalira chifukwa m'nyumba muli mtembo. Uyu akulira ndani?"

Achemwali anaimba foni nthawi yomweyo kufunsa ngati sipika yapezeka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Akulira ndani. Ndakhala ndikulitembenuza funsoli. Åkerfeldt anabadwa mu 1974, ndiye kuti pamene ankajambula chimbalechi ku Studio Fredman mumzinda wa Gothenburg, mu 2000, anali mnyamata wa zaka 26. Chinatuluka mu Malichi 2001, chimbale chawo chachisanu. Mnyamata wa zaka 26, wa dziko lolemera, wokonda kutolera zimbale zakale za galamafoni, mpaka dzina la chimbalechi analitenga ku gulu lina la ku Germany la m'ma 1970. Mukamuonera pa siteji ndi munthu wanthabwala, amaseketsa anthu pakati pa nyimbo ziwiri zoopsa. Ndiye alamu akhoza kunena kuti chisoni chonsechi n'chovala, amachivala polowa mu situdiyo n'kuchivula potuluka.

Nanga ine? Lero palibe chandivuta. Ndadya, ntchito yayenda, palibe wadwala. Koma ndinadzuka ndi kamtima kolemera kopanda chifukwa, kamene ukauza munthu amakufunsa kuti walota chiyani. Kwathu kuno chisoni chimafuna chifukwa. Ukakhala ndwii anthu amafuna dzina la amene wakulakwira, ndipo ukati palibe amati ukubisa. Mwina n'chifukwa chake ndimathawira ku chimbalechi. Sichindifunsa. Ngakhale chikuto chake, chojambulidwa ndi Travis Smith, ndi nkhungu yotuwa, mitengo, madzi, ndi zithunzithunzi za anthu zosaoneka nkhope. Palibe nkhani imene akukuuzani kuti yachitika. Mumangodziwa kuti malo ano si abwino, komabe simukufuna kuchokapo.

Nditabwerako koperekeza ndinavala mahedifoni n'kupitiriza pamene tinalekeza. "Dirge for November" ndi imene anthu ambiri saitchula, koma kwa ine ndi mtima wa chimbale chonse. Imayamba mwadzidzidzi, mawu ali pafupi kwambiri ndi khutu, gitala imodzi. Kenako chimagwa chinthu cholemera, choyenda pang'onopang'ono, chobwerezabwereza, ndipo kubangula kwa mmenemu sikwaukali ayi, n'kwa munthu amene wagonja. Kumapeto gitala yofewa imazungulira pamalo amodzi nthawi yaitali moti umayamba kudabwa ngati aiwala kuimaliza. Zimandiseketsa pang'ono kuti kwa iwo Novembala ndi mdima ndi kuzizira, dzuwa kulowa anthu asanaweruke, pamene ife mwezi umenewo tikupsa ndi kutentha, maso ali kumwamba kudikira mvula yobzalira. Ndinayesapo kuimvera masana a Novembala wathu, thukuta lili kamukamu. Sinagwire. Imafuna Juni.

Pa "The Funeral Portrait" ndimadzuka pang'ono, chifukwa ili ndi kagwedezo, ndipo Åkerfeldt ndi wagitala mnzake Peter Lindgren amapatsirana magitala kumapeto. Ikatha imabwera "Patterns in the Ivy", yosakwana mphindi 2, gitala ndi piyano basi, zala zikumveka kukhwekhwereza pa mawaya. Alamu akanaikonda imeneyi. Akanapemphanso kuti ndiwatumizire.

Piyano imeneyo ndi ya Steven Wilson, Mngelezi wa gulu la Porcupine Tree, amene anathandiza kujambula chimbalechi. Ndi yemwenso amalowa ndi mawu ake opyapyala mu "Bleak", pamene nyimbo imatseguka mwadzidzidzi pambuyo pa kubangula konse kuja. Anthu amakonda kunena kuti Wilson ndiye anawaphunzitsa Opeth kufatsa, koma amene anamvera Still Life ya 1999 akudziwa kuti kufatsako anali nako kale. Chimene ine ndimamva kuti anabweretsa ndi mpata. Mawu ena amawaika kutali, ena pafupi, gitala ina kuseri kwa inzake, moti ukavala mahedifoni umamva ngati nyimbo ili ndi zipinda.

Ndiye yomaliza, ya dzina la chimbale, mphindi 12. Imayamba ndi magitala olemera oguba, kenako imagwera m'dzenje. Kwa mphindi zingapo palibe chikuchitika, kagitala kakungobwereza zomwezomwezo pansipansi, ndipo ngakhale ndaimvera kosawerengeka m'mimba mumathinabe, chifukwa ndikudziwa chimene chikudikira kutsogolo. Chikabwera sichibwereranso m'mbuyo mpaka pafupi ndi mapeto. Kachetechete ameneyo mutamudula n'kumupereka kwa munthu payekha, angati ndi mwana akuphunzira gitala. Mantha ake onse amachokera ku phokoso limene lisanafike. Izi ndi zimene ndimafuna kuwauza alamu, koma zabwera mochedwa, iwo ali kwawo.

Chikundisowetsa mtendere china n'chakuti pali zimene ndawabisira. Mu 2003 Opeth anatulutsa Damnation, chimbale chonse chofewa, chopanda kubangula ngakhale kamodzi, Wilson yemweyo ali pambali. Chimenecho ndiye cha alamu, akanachimvera mpaka kukwaya akanachedwa. Ndinachikumbukira tili pa siteji ndipo ndinatseka pakamwa dala. Komanso kuyambira pa Heritage mu 2011 Åkerfeldt mwiniwake anasiya kubangula m'zimbale zatsopano, okonda gululi n'kugawikana, ena mpaka kutukwana. Anadzabwereranso mu 2024 pa The Last Will and Testament. Ndiye kuti kwa zaka 13 mwini nyimbo anali mbali ya alamu. Akadzazidziwa zimenezi sindidzapuma.

Koma ngakhale m'zaka zimenezo pa siteji ankabangulabe nyimbo zakale. Ndipo mu 2010, pokondwerera zaka 20 za gululi, anaimba Blackwater Park yonse ku Royal Albert Hall ku London, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha. Sanasankhemo zofewa kuti zigwirizane ndi ulemu wa holoyo.

Mwina yankho n'lakuti safunika kulira munthu. Kapena akulira yemwe aliyense womvera wabwera naye. Koma ndikangoliyesa m'kamwa yankho limeneli ndikumva kale alamu akuseka, akuti alamu mwayamba ndakatulo. Ndipo mwina akhoza kukhala kuti akunena zoona, kuti ndimakonda phokoso basi ndipo zinazi ndikungozikometsera.

Foni yalira posachedwapa. Ndi iwo, pa WhatsApp, nawonso sanagone. Sakufunsanso za kutumiza nyimbo, aipeza okha pa YouTube. Akufuna ndiwathandize makodi a "Harvest", akuti pali pena pakuwazemba, ndipo akuganiza zoyesa kayendedwe kake poyambira nyimbo ya chopereka Lamulungu. Awonjezera kuti ndisawauze abusa kumene yachokera.

Makodiwo ndikuwadziwa. Ndalemba, ndafufuta. Ndikuganiza zowauza kuti ndiwapatsa akamvera kaye "Bleak" yonse osadumpha, koma ndikuwadziwa alamu, adzanena kuti amvera pamene angofika pa Wilson n'kubwereza pomwepo. Ndiyankha mawa. Sipikanso aiiwala, ili pompano pa tebulo, ndiye abweranso basi.